Kusala kwa Amai Athu

Luembe,
Nyimba.
12 Januwale 2025

Okondedwa alongo anga a Godwin,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Solwezi kuko pamodzi ndi alamu anga a Yvonne ndi ana. Kuno tilipo, kungoti kukhalapo kwake n'kwa anthu amene angoika mayi wawo m'manda. Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Mukudziwa kuti kwathu kuno netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, ndipo pachulupo sipasowa makutu. Zimene ndikufuna kukuuzani si zokafuula pachulu.

Sindikukuimbani mlandu kuti simunafike pamaliro. Msewu unaduka ndi mvula, tonse tikudziwa. Koma amalume a Fabian akuti akudikira mawu anu monga mwana woyamba, ndiye musanawayankhe ndikufuna mumve zonse. Nkhani yake ndi ya a Sepiso. Amalume akufuna achoke m'nyumba ya amai, achokenso m'mudzi muno.

Mwina mwawaiwala. Ndi akazi a malemu a Imasiku, aphunzitsi a ku Mongu aja amene ankakukwapulani chifukwa cha masamu. Amuna awo atamwalira, nyumba ya pasukulu inafunika kwa mphunzitsi wina. Mayiyu analibe mwana, kwawo n'kutali, ndipo maso anali atayamba kufa. Amai sanafunse munthu. Anangobwereka wilibala, n'kukatuta katundu wawo, n'kubwera nawo atawagwira padzanja. Lero a Sepiso saona chilichonse, ngakhale dzuwa.

Inu amai mukuwadziwa. Ndi omwe aja anapereka juzi yanu yatsopano kwa mwana wa eni ake m'mwezi wa Juni, inu n'kumapita kusukulu mano akugundana. Munalira sabata yathunthu, ndipo ndikudziwa kuti mpaka lero simunawakhululukire bwinobwino. Ndi omwe aja ankatsuka mbale imodzi yowonjezera tsiku lililonse, ati ya mlendo amene Mulungu sanatiuze. Pansi pa nyumba pankazilidwa mpaka kunyezimira, bwalo linkasesedwa nkhuku zisanatsike, ndipo palibe ankagwira chakudya asanapemphere, ngakhale chikhale chipande cha dzungu. Tikadandaula ankangoti kupatsa n'kuika. Ine ndinakula ndikufunsa mumtima kuti kodi akuika kuti, chifukwa sindinaonepo akukatenga.

Chilala cha chaka chathachi munangochimva pawailesi, ife tinachiona ndi maso. Chimanga chinauma chisanamasule. Pofika Okutobala anthu ankadya mango aawisi owiritsa, ndipo wopeza gaga ankayenda ngati bwana. Ufa umene munatumiza unafika, zikomo, ndipo ndinawapatsira amai gawo lawo ndi manja anga. Koma mukudziwa kuti pakhomo pawo ana a m'mudzi sankadutsa osaitanidwa.

Nthawi yomweyo ndi imene anayamba kusala kudya. Ndikafika masana ndinkawapeza ali pamphasa ndi Baibulo, milomo itauma. Ndikati idyani, ankandikalipira.

"Iwe Tisunge, usanivute. Nili pa kusala, nipemphelela mvula. Mvula ikagwa nizadya."

Alongo, ndani akanawatsutsa? Munthu amene sanajombepo kutchalitchi chibadwire changa akati akusala, umangoti ameni. Mpingo wonse unkawatama. Amai anzawo ankati Ennie ndiye watinyamula tonse pamaso pa Mulungu. Inenso ndinkanyada, ndinkauza anthu kuchitsime kuti mvula ikabwera athokoze amai anga.

Mvula inabweradi, koma mochedwa. Itagwa ndinathamanga ndi phala, ndikuti lero ndiye mudya. Anayesa, koma m'mimba munakana. Chilichonse chinkangobwerera. Kuchipatala anatiuza kuti thupi linali litatheratu, ndipo zotsala mukuzidziwa.

Amai a mumpingo amene anasambitsa thupi anandiitanira pambali. Anandionetsa chidutswa cha chitenje chimene anachipeza chitamangidwa zolimba pamimba, mkati mwa zovala, mpaka chinasiya mzere pakhungu. Ndinalira, koma ndinkaganizabe kuti ndi zakusala.

Kumanda abusa analalikira zamphamvu. Anati mayi uyu anasala kudya chifukwa cha ife, anatseka pakamwa pake kuti kumwamba kutseguke. Anthu ankavomera. Ndiye a Sepiso, amene anali phee pansi pa mtengo, anadzuka atagwira ndodo yawo.

"Abusa, musaname pamanda! Ennie sanasale. Tinali kudya pamodzi masiku onse, ine na yeve. Ninali kumvela supuni yake pa mbale!"

Kumanda kunangoti zii. Ine ndinamvetsa nthawi yomweyo. Amai ife ankatiuza kuti akusala, kuti tisawakakamize kudya. Kwa a Sepiso ankanena kuti akudya, kuti a Sepisowo asakane phala. Ankawapatsa lonse, iwo n'kukhala pambali ndi mbale yopanda kanthu, n'kumaikanda ndi supuni kuti wakhungu amve. Amai athu, amene anandimenyapo ndi chikho chifukwa chonama za nthochi imodzi, ananama mbali zonse ziwiri kwa miyezi.

A Sepiso anamvetsa mochedwa kuposa tonse. Atamva kuti palibe akuwayankha, anafunsa kuti, "Nanga mwakhala chete bwanji?" Wina anawanong'oneza. Kulira kumene analira, alongo, sindikufuna kudzakumvanso pamoyo wanga.

Amalume sanadikire n'komwe kuti tikwirire. Anakuwa anthu onse akumva: "Mwamva nokha! Uyu ndiye wadya mlongo wanga!"

Mawu amenewo mukudziwa mmene amayendera m'mudzi. Amalume ankanena za phala, koma pofika madzulo anthu anali atayamba kunena za ufiti. Ana amene ankadyera pakhomo lomwelo tsopano amaponya miyala padenga. Amai a mumpingo amene anaimba bwino pamaliro amadutsa cha kutali, ngati pakhomopo pali chimbudzi chodzaza. Amalume akuti mayiyu akwezedwe basi apite kwawo. Kwawo kuti? Anachoka ku Mongu ali mtsikana, ndipo atandiuza mayina a abale awo, onse anali akumanda. Munthu wosaona mukamutsitsa pasiteshoni ya ku Lusaka, mwamupha, kungoti simunaone mtembo.

Sindikubisirani, inenso ndinakwiya. Masiku oyambirira sindinkafuna kuwaona. Ndinkati bwenzi amai anga alipo. Ndakwiyiranso amai enieniwo, ndipo ndikapita kumanda ndimawafunsa kuti ife ana awo anatiyesa chiyani. Koma tsiku lina ndinapita kukatenga makasu, n'kupeza a Sepiso atakhala pakhomo, katundu wawo atamanga kale m'chitenje, akudikira wowathamangitsa. Anali asanadye chichokereni maliro. Anamva mapazi anga n'kunena kuti, "Tisunge, nikanadziwa sembe n'nakana. Unikhululukile, mwana wanga." Ndinamasula katunduyo n'kubwezera m'nyumba.

Pempho langa ndi limodzi. Imbirani amalume, muwauze kuti a Sepiso sachoka. Ine mawu anga sawamva, amati ndine mwana, koma inu adzakumverani. Sindikunena kuti muwakonde. Ndikungoti amai anapereka mimba yawo kuti mayiyu akhale ndi moyo, ndipo tikamutaya panjira ndiye kuti amai afa ndi njala pachabe. Chonde musachedwe, chifukwa amalume ayamba kale kufunsa za galimoto yopita ku boma.

Pakadali pano ndimawapititsira chakudya masana aliwonse. Amuna anga a Jerry sakondwa nazo, akuti ufa watsala ndi wa ana, ndipo sakunama. Ndawalonjeza kuti gawo la ana silikhudzidwa. A Sepiso nawo achenjera tsopano. Sadya asanatambasule dzanja n'kugwira m'mbale mwanga kuti amve ngati mulidi chakudya. Ndimaikamo, amagwira, mtima wawo umakhala pansi. Akachotsa dzanja timapemphera, ndipo iwo amadya bwino.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse. Mumuuze mwana wanu Keziah kuti agogo ake anamusungira nkhuku yoyera ija, sanalole kuti iphedwe ngakhale pa njala yonseyi. Chimanga chimene amai anabzala asanagone chafika m'mawondo, ndipo chikuoneka bwino kuposa cha wina aliyense. Malichi si kutali.

Za ine musade nkhawa. Mukaimba foni a Jerry akakuuzani kuti masiku ano sindidya pakhomo, ndimadyera kwa a Sepiso, musafunse zambiri. Ingoimbirani amalume.

Ndine mlongo wanu,
mwana wa amai Ennie,
Tisunge