Mkono Wanga Unaloza Popanda Nyenyezi

Msakambewa, Dowa
12 Januwale 1997

Okondedwa a Felton, mdzukulu wa malume anga,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu ku Joni komweko. Kuno tadzuka, chimanga chafika m'chiuno. Mukhululuke ngati mizere ya kalatayi yapotoka.

Kagulu kathu koyang'ana nyenyezi kakula, tilipo khumi ndi awiri, pakuti masiku ano anthu akasonkhana madzulo palibe wowafunsa khadi la chipani. Timakomana pabwalo la sukulu Lachisanu lililonse. Aphunzitsi a Nathaniel amabweretsa galasi loonera kutali. Gawo langa ndilo kuloza ndi kutchula maina akale. Aphunzitsiwo ati mu Epulo kudzaoneka nyenyezi ya mchira, ndipo andipempha kuti ndidzayambe ndine kuipenya, kuti ndikalimbitse mitima ya Akhristu amene adzaiyesa tsoka.

Lachisanu lapitali, mitambo itang'ambika, ndinaloza Nsangwe monga ndachitira zaka makumi asanu. Pamenepo a Abigail, mayi wa Chigwirizano, anagwira chigongono changa, nakweza mkono wanga pang'ono, nati, "Lero zasunthako, abambo." Ndinayamika. Sindinawauze kuti chiyambire Novembala ndimaloza zapamtima, ndi kuti pa Sabata mavesi ndimangowalakatula, buku lili chitsegulire.

Akuti ku Mtengowanthenga kuli chithandizo cha maso, koma munthu sapitako yekha. Sindifuna kukusenzetsani katundu. Iye amene anapachika nyenyezi kumwambako adziwa. Ngati mudzadza pa Pasaka, pofika pakhomo mudzayambe mwalankhula, kuti ndikudziweni.

Ine wanu mwa Ambuye,
Danieli Kamphinda