Bambo, Lachinayi Musabwere ku Chipatala

Lero zakwana zaka zisanu ndi chimodzi, Bambo, chitisiyireni m'chipinda chija cha mabedi anayi, thumba lachitatu la magazi likadali lendelende pamwamba panu. Munalowa m'chipatala ndi miyendo yanu, mukuseka kuti mukukasinthitsa phewa ngati tayala la njinga. Chaka chino tikulemba mitima ili m'mwamba, chifukwa Lachinayi likubwerali mlongo wanga, uja munkamutcha Kabulashi, akukachitidwa opareshoni yomweyo. Ntchito munamusiyira ija yamudya nayenso phewa lamanja.

Zaka makumi anayi munakhala mukupenta masiling'i a anthu, mkono uli m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi. Munkatilangiza kuti mng'alu tisamaubise ndi penti, tiziyamba taumata. Moni wanu unali wogwira paphewa, ndipo m'nyumba muno munalibe malaya amene anapulumuka, onse anali ndi zala zisanu zoyera. Amayi ankakalipa pochapa, inu n'kumangoseka mpaka kutsokomola.

Koma makani munali nawo, Bambo! Fomu ya kuchipatala ndinakulemberani ndine, mwana wanu woyamba. Titafika pa funso la mankhwala amene mumamwa, munati palibe, ine n'kulemba momwemo. Chonsecho ndinkawadziwa ma asipirini a m'thumba la ovolosi, amene munkatafuna m'mawa ndi masana ngati masiwiti, mukuti amenewo si mankhwala. Munkaopa kuti akamva akusunthirani tsiku. Phewa lachitsulo linalowa bwinobwino, koma magazi anakana kuuma chifukwa cha ma asipirini aja. Anakuikani thumba loyamba, kenako lachiwiri. Munatsegula maso n'kutiuza kuti mwiniwake wa magaziwo ndi munthu wozizira kwambiri, ndipo waima kumiyendo kwa bedi. Tinacheuka tonse, panalibe munthu. Pa thumba lachitatu mtima unalemedwa, m'mapapo munadzaza madzi, basi. Adokotala anafunsa mofatsa ngati panali china chimene sitinawauze, ine ndinangoyang'ana pansi. Amayi azimvera pano lero kuti ndinkadziwa, ndipo zimandiwawa tsiku lililonse.

Chingwe chokokera mkono, chimene tinagula kuti muzidzalimbitsira phewa mukatuluka, chikadali pachitseko cha kuchipinda kwanu. Simunachigwireko n'kamodzi komwe, koma kawilo kake kamalira masanasana, mawindo ali otseka. Tinazolowera, mpaka adzukulu anu amangoti agogo ayamba mafizo. Zimene zayamba tsopanozi ndiye sitikuziseka. Chimupatsireni tsiku Kabulashi, m'chipinda mwake mukumveka fungo la penti yaiwisi, pomwe papita miyezi isanu asanatsegule chitini. Sabata yatha mkazi wake anakaanula malaya amene anachapa yekha, n'kupeza zala zisanu zoyera paphewa lamanja. Atakhudza, penti inamumata. Mlamu wangayo mpaka pano chakudya sichikulowa.

Ngati unali moni, Bambo, taulandira. Ngati mumatichenjeza, tamva. Fomu yake ndalembanso ndine, ndipo ndinamukhuthulitsa matumba onse pa tebulo la adokotala, iye akunyinyirika ngati inu nomwe. Mapiritsi amene tinapezamo anasiya kumwa pa tsiku limene adokotala anamuuza, magazi anamuyeza kawiri, akuti alipo okwanira. Tikudziwa kuti munkamukonda, ndi iye amene munkagwira naye makwerero, ndipo mwina kumene muliko mukumusowa. Koma ali ndi ana atatu, wamng'onoyo sanayambe n'sukulu yomwe.

Amayi, ine, Kabulashi, apongozi anu ndi adzukulu anu tonse tikukuliranibe, ndipo sitidzakuiwalani mpaka tidzakupezeni. Koma chonde, Bambo, Lachinayi musabwere. Mutisiyire ameneyu.