Makorali Anga Akuyera, Maso a Hasna Akuzima

Aphungu,

Ndine nkhalamba ya ku Tadjoura. Sukulu ndinalekezera ku madrasa, choncho mundikhululukire mawu anga akamakhotakhota. Moyo wanga wonse ndathera m'madzi, kumira pansi pa nyanja kutola nkhono ndi kumasula anangula a ngalawa akakola m'miyala. Tsopano chifuwa chinandikana. Ndikangokwera masitepe a mzikiti ndimapuma ngati bulu wosenza makala.

Pansi pa nyanja yathuyi pali munda, Aphungu. Muli zomera za pamiyala zotchedwa makorali, ena onga nyanga za mbawala, ena onga bowa wotambalala kuposa mphasa, ena ofewa amene amawerama onse pamodzi madzi akamadutsa, ngati anthu pa swala ya Lachisanu. Kumeneko Mulungu anaikako mitundu imene pamtunda anatimana. Ndili mnyamata ndinkaiwala zopuma mpaka makutu kulira.

Mkazi wanga Hasna anabadwira pagombe pomwepa, koma zimenezi sanazionepo. Akazi a msinkhu wake sankalowa m'madzi kupitirira m'mawondo. Ndikamamusimbira ankangoseka akutembenuza mkate wa lahoh pachiwaya, amvekere, "Bambo a Madina, munda wanuwo bwanji simunatithyolereko ndiwo ngakhale tsiku limodzi?" Lero maso ake achita nkhungu. Diso lakumanzere linazima kale, lakumanja likutsatira, ndipo adokotala sakulonjeza kanthu. Ndikufuna aone munda wanga mdima usanamufike.

Mwana wathu Madina atamva, anatuma mwamuna wake Bourhan kutibweretsera thanki yagalasi pa sitima yapamadzi yochokera ku Djibouti, pamodzi ndi pampu, nyali yabuluu, miyala, ndi tizidutswa ta makorali ta kusitolo. Bourhan anati tokoma kwambiri tibweze kaye kusitolo, thanki iyambe yakhwima. Ndinakana, poti maso a Hasna sakudikira. Ndinaika tonse tsiku lomwelo, tinatseka makatani, n'kuyatsa nyali. Tizidutswato tinawala ngati makala a moto wobiriwira. Hasna anatsamiritsa mphumi pagalasi. Kenako anafunsa chapansipansi, "Kodi ndi zamoyo? Kofewa aka kakundikodola." Ine ndinatuluka panja.

Basi mphepo yotentha ya khamsin inafika, madzi m'thanki n'kumatsika tsiku ndi tsiku. Ine makorali anga sindinawanyoze ndi madzi wamba. M'mawa uliwonse ndimadzikoka ndi chigubu kupita kugombe, kukatunga madzi enieni a kwawo, n'kudzazitsa. Koma anayamba kufota, kuyera ngati mafupa. Katsala kamodzi, kofewa ka Hasna kaja, ndipo nako kafumbata manja.

Bourhan atabwera anaviika chala m'madzi, nanyambita, nkhope n'kukwinyika. Akuti, "Ababa, mukuweta makorali kapena mukufutsa nsomba? Muzithiramo madzi akumwa." Tamvani zimenezo. Munthu amene amasanza sitima isanachoke padoko, lero aziphunzitsa ine za nyanja? Anatinso kotsalako kakafa atenga thanki akaikemo tinsomba tofiira mu shopu yake. Kuyambira pamenepo moni wake sindiyankha. Ine ndikuona kuti wasitolo anamupatsa zodwala, koma akuchita manyazi kuvomera.

Ndipulumutse bwanji kotsalaka, ndipo ndiikemo ziti? Komanso, poti mkamwini wangayo amawerenga tsamba lanu, mumuuze kuti nyanja sithiridwa madzi apachitsime.

D.H.K., Tadjoura

Bambo D.H.K.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo munda wanuwo ndauona ndi maso anu. Koma uthenga wa kwa a Bourhan sindikapereka, chifukwa akunena zoona.

Ku nyanja yamchere ya Assal munapitako, kumene ngamila zimasenza mchere. Dzuwa limamwa madzi, mchere limausiya. Ndi zimene khamsin ikuchita m'chipinda mwanu. Chigubu chilichonse cha kugombe chimabweza madzi amene anauluka, koma chimawonjezera mchere pamwamba pa umene unatsala. Nyanja yaikulu imadzisakaniza yokha, pamene thanki ilibe kothawira. Mwamanga Assal wamng'ono, ndipo makorali sakhala ku Assal.

Chitani izi. Pezani kachipangizo koyezera mchere, muyeze madzi a kugombe, kenako a m'thanki, muone nokha kusiyana kwake. Mukatero tsitsani mcherewo pang'onopang'ono, kutunga kapu yamadzi a m'thanki n'kubwezera kapu ya madzi osefedwa bwino opanda mchere. A pampopi ayi. Musathire ndowa yonse kamodzi, chifukwa kusintha kwadzidzidzi kungaphe kotsalako msanga kuposa mchere. Zikafanana, matani kachizindikiro pagalasi pamene pafika madzi. Akatsika, dzazitsani ndi opanda mchere mpaka pamenepo. Chigubu chanu cha kugombe musachitaye. Ntchito yake ndi ya tsiku limene mwachotsako madzi akale kuti muike atsopano.

Kutentha nakonso kumayeretsa makorali. Chotsani thanki pafupi ndi windo, fani izipemerera pamwamba pa madzi, ndipo magetsi akathima yandamitsani botolo la ayezi lotseka bwino. Mafupa oyerawo achotseni.

Zogula zatsopano dikirani kaye. Thanki yatsopano ili ngati nyumba yosauma matope, siilandira alendo ambiri. Ka Hasna kakatambasulanso manja n'kukhala choncho masabata angapo, onjezani kamodzi, kofewa, koleredwa m'thanki ya wina. Ofewa amapirira zolakwa za woyamba kumene. Onga nyanga za mbawala aja ndi onyada, asiyireni chaka chamawa. Muzisiya mpata pakati pawo, poti amaotchana akagundana, ndipo muzivala magolovesi, chifukwa ena ali ndi ululu.

Koma nkhani yeniyeni si thanki, Bambo. Thanki ifuna miyezi, pamene diso la mayi Hasna mwina lilibe miyeziyo. Asodzi anzanu ali ndi ndowa zija zagalasi kunsi, zoonera pansi. Sankhani m'mawa umene nyanja yagona, muwakweze mayi m'boti, mupite pamalo osaya amene inu nokha mukuwadziwa, dzuwa litakwera bwino. Awerame pandowa, inu muziwatchulira mayina. Chifuwa chanu sichingakoke chingwe cha injini, choncho pakufunika mkamwini. Muyankheni moni. Akasanza panjira, musekeni pang'ono, mwabweza.

Chenjezo langa ndi ili: mukafika pamundapo dzanja lidzakuyabwani kuti muthyoleko kanthambi ka kuthanki. Musayerekeze. Kadzafera m'manja mwanu, ndipo malo ambiri lamulo limaletsa. Mayi anakufunsani kalekale chifukwa chake simunawathyolereko ndiwo. Tsiku limenelo akadzadzutsa mutu pandowa, sadzafunsanso.

Phungu wanu