Boti la Che Uladi si chuma cha masiye

Kwa a banja la Mkwanda, abale onse a ku Makanjira, ndi aliyense amene anakwerapo boti lathu,

Ife a bungwe la Uladi Mkwanda Faundeshoni talandira ndi mantha komanso chisoni chachikulu uthenga wa imfa ya Che Uladi, amene anayambitsa bungweli, ndipo mpaka lero tikamva injini ikulira kunyanja timatembenuka ngati ndi iwo akubwera. Uthengawu amayenera kulemba ndi wapampando wathu, a Blackson, koma atuma ine Tikhala, mlembi wa bungwe. Ndangomaliza kumene Fomu 4, ndipo pamaso pa akuluakulu mawu amandithawa. Pomwe ndaphonya ulemu mundikhululukire.

Ambiri mukukumbukira kuti akazi oyamba a Che Uladi anatsirizikira pa lole, ali oyembekezera, msewu wopita ku boma utadulidwa ndi mvula. Che Uladi sanalire ndi misozi yokha. Anagulitsa khoka lawo la chilimira, nagula boti ndi injini kuti amayi ndi odwala aziwoloka kwaulere kukafika ku chipatala. Ana ambiri amene akuthamanga kumudzi kuno ali moyo chifukwa cha boti limenelo, ndipo atsikana angapo, ine mmodzi mwa iwo, tinafika ku sekondale ndi thandizo la bungweli.

Malemuwa sanafune kuti ntchitoyi idzaikidwe nawo m'manda, n'chifukwa chake anakalembetsa bungweli ku boma, nasankha matrasiti olisamalira. Tsiku lina tikupaka penti botilo anandiuza kuti, "Tikhala, bungwe likalembetsedwa limasanduka ngati munthu payekha. Lili ndi dzina lake, lili ndi katundu wake, likhoza kusumira munthu kukhoti. Ine ndikafa, ilo silifa ayi. Matrasiti ndi alonda chabe. Ngakhale ineyo, nditalitenga botili kukaphera usipa, mudzandigwire, ndine wakuba." Tinaseka tsiku limenelo.

Pa tsiku la maliro boti linanyamula olira, koma kutacha linalibe injini. Che Sameer, mwana wa mlongo wa malemu, anandiuza kuti, "Ndasunga kunyumba, akuba achuluka. Nanga dzina lili pa botipo ndi la ndani? Si la amalume?" Mwina anasungadi ndi mtima wabwino. Komatu loko wa unyolo womangira injiniyo sanathyoledwe, ndipo makiyi ake amasunga ndi a Blackson. Asodzi akutinso kwabwera bambo wina wa njinga yamoto kuchokera ku Chiponde, waiyang'ana injiniyo mbali zonse ngati munthu wogula mbuzi. Pondituma uthenga uno a Blackson anati, "Ulembe za chisoni zokhazokha, mwana iwe. Za boti tidzakamba pa sadaka." Ndagona nawo mawu amenewo, ndipo sakundipatsa mtendere, chifukwa tonse tikudziwa kuti pakatha sadaka m'pamene abale amakhala pansi kugawana zimene malemu asiya.

Sindikuloza chala munthu pa nthawi ya maliro. Ndikungoyankha mwaulemu funso limene ndinalephera kuyankha pamaso. Dzina ndi la amalume anu ndithu, Che Sameer, koma boti analipereka ali moyo. Nyumba, minda ndi ngalawa yaing'ono ija ndi zanu a banja, ndipo bungwe silidzakhudzapo. Boti ndi injini yake ndi za bungwe, ndipo malamulo salola wachibale, trasiti, ngakhale wapampando, kuzigawa kapena kuzigulitsa kuti apindule yekha.

Mai Estela a kumtunda kwa mzikiti mwezi wawo wakwana, ndipo msewu wadukanso. Amuna awo amabwera kugombe m'mawa uliwonse, n'kuyang'ana kumbuyo kwa boti, n'kubwerera kwawo.

M'malo mwa matrasiti, mamembala onse ndi amayi amene anawolokapo, tikupepesa kwambiri a banja lonse, ndipo tikupempha Mulungu wachifundo kuti awalandire Che Uladi, akupatseni mphamvu ndi mtima wogwirizana m'masiku owawa ano. Pa sadaka tidzabwera, ndipo tidzakhala pa mphasa imodzi ndi ana amasiye, pakuti bungweli nalo lataya bambo wake. Koma injini isadikire sadaka. Mwana wa Mai Estela sadikira.

Ine wanu wolira nanu,
Tikhala
Mlembi, Uladi Mkwanda Faundeshoni, Makanjira