Nyemba Zimene Tidadya pa Maliro Anu

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumeneko? Ndine Rozalina, mwana wanu wachiwiri. Ndikulemba ndili pakhonde la nyumba yanu kuno ku Tsangano. Lero ndi Loweruka lomaliza la mwezi wa Junyu, ndipo chisanu chayamba kale kuluma zala m'mawa, monga mukudziwira. Chikuikireni m'manda mu Setembulo sindidakuuzeni kanthu kolongosoka. Kumanda ndimapita ndithu, koma ndikafika ndimangozula udzu n'kubwerera. Ndiye ndati ndilembe, poti papepala sindichita chibwibwi.

Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Lusiya adachira bwinobwino sabata yachiwiri ya Dezembulo, mwana wamkazi. Tidampatsa dzina lanu la ubatizo, Anastaziya, koma palibe amene amalimba mtima kulitchula, aliyense amangoti Amayi. Ndiye pakhomo pano mumamva munthu akufuula kuti, "Bwerani msanga, Amayi akodzera mphasa!" Poyamba ndinkalira ndikamva, tsopano ndimaseka. Akakwiya amakwinya chipumi ndendende mmene munkachitira inu munthu akamakunamizani. Mbuzi yanu ija idaswa ana awiri, mmodzi adafa ndi mvula. Denga la khitchini lidasasuka ndi mphepo, mkamwini wanu, bambo a Lusiya, adafoleranso, ngakhale kuti pangodya pakudonthabe.

Koma chimene chandikhazika pansi ndi nkhani ya nyemba zanu. Ndikunena zing'onozing'ono zija, zofiirira za mizere yakuda, zocha msanga. Mudathawa nazo nthawi ya nkhondo mutazimanga pansonga ya kapulana, nsalu yanu yovala ija, mudakazibzala kuseri kwa msasa wathu ku Malawi, ndipo pobwerera mudabwera nazonso. Ndidali wamng'ono, koma ndimakumbukira mukutimenya padzanja tikafuna kuziseweretsa. Munkati, "Mbewu si ndiwo. Wodya mbewu wadya chaka chamawa." Chaka chilichonse munkasankha nokha imodziimodzi, kuziyanika, kuzisakaniza ndi phulusa, kuzithira mumtsuko n'kumata pakamwa ndi dothi.

Chaka chatha matenda adakugwirani mutangomaliza kusankha, phulusa musanathire. Mudaziika mu lata, chitini chachikulu chija, n'kuvindikira ndi lichero kukhitchini. Ine ndinkadziwa, koma ndi kuthamangathamanga kwa kuchipatala ndidaiwala.

Pa maliro anu padabwera anthu, amayi. Sitidayembekeze. Ena adachokera ku Ntengo-Wambalame wapansi, ena adakwerana atatuatatu pa mota, njinga zamoto zija, kuchokera ku Furancungo, nkhope zina sindidazionepo chibadwire. Ine monga namfedwa ndidali m'nyumba, za kumoto sizidali zanga. Tsiku lachiwiri ndiwo zidatha anthu akadali mbwee pabwalo. Mpongozi wanu aNabanda, akazi a achimwene a Fernando, ndiwo ankayang'anira zophika. Pofufuza kukhitchini adapeza lata lija, ndipo akuti adathokoza Mulungu mokweza kuti wawapatsa nyemba zosankhasankha kale, zopanda kamwala ngakhale kamodzi. Adaphika zonse. Inenso adandipatsa mbale yanga, ndidadya, mpaka ndidanena kuti nyembazi n'zofewa ngati za amayi.

Ndidadzazindikira mu Novembulo, mvula yoyamba itagwa. Ndidapita kukatenga mbewu, ndidapeza nkhuku ikuikira mazira m'lata muja. Lusiya ndiye adandiuza, akuyang'ana pansi. Ndidakhala pansi pomwepo, ndipo ndidalira kuposa mmene ndidalirira tsiku lokuikani. Zidali ngati mwamwaliranso kachiwiri, ndipo ulendo uno takudyani ndi pakamwa pathu.

ANabanda atamva adabwera. Adagwada pakhomo n'kunena kuti, "Alamu, ndimenyeni, manja ake ndi awa." Ine ndidati palibe kanthu, koma udali mlomo wokha. Pochoka sindidawaperekeze ngakhale kufika pamphambano, ndipo iwo adaona.

Tidabzala chimanga chokhachokha. Chidamera bwino, koma mu Janeru mvula idadula, dzuwa lidaswa mtengo, masamba adapotana ngati a anyezi. Chimene chidapulumuka ku ng'amba, mbozi zidalowa kumutu. Kachewere naye adapsa ndi chiwawu mvula itabweranso mwamphamvu. Chimanga cha m'nkhokwe chidali chitachepa kale ndi maliro. Bambo a Lusiya adapita ku Furancungo kukagwira ganyu m'minda ya fodya, koma kumeneko malipiro amadikira fodya agulidwe. Tidayamba kudya kamodzi patsiku. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti mkaka wa Lusiya udayamba kuchepa, khanda likulira, iye akulira.

Mukudziwa kuti kuno chimanga chikakana, chimatipulumutsa ndi nyemba zachiwiri, zobzala mu Fevereru. Ukakolola umasinthitsa ndi chimanga, chaka n'kutha. Koma mbewu ndidalibe. Ndidapita kumsika kukafunsa mtengo, ndidangobwerera osagwira n'komwe thumba. Masiku obzala ankatha ndikuwaona.

Kupemphera ndinkapemphera, koma ndisakunamizeni, kudali kukangana. Ndinkati, Ambuye, mayi uja adakutumikirani moyo wake wonse, nyemba zake zidapulumuka mfuti ndi njala ya kumsasa, inu n'kulola kuti zithere mumphika pa maliro ake omwe? Kutchalitchi anzanga akamaimba zothokoza ine ndinkangogwedeza milomo. Ndinkakumbuka mawu anu aja akuti, "Mulungu sagona, koma sathamanganso," ndipo ndinkayankha mumtima kuti ulendo uno akadathamangako pang'ono.

Lachitatu lina chapakati pa Fevereru, masana, mvula ikuwaza, ndidaona munthu akubwera ndi mtolo pamutu, matope mpaka m'mawondo. Adali aNabanda. Adaonda, amayi, mpaka ndidachita manyazi kuwayang'ana. Sadadikire moni. Adangoti, "Alamu, yalani mphasa, khosi landithyoka." Atatula, ndidaona kuti mumtolomo mudali timitolo tambirimbiri: tina m'tinsalu, tina m'mapulasitiki, kena m'sokosi yakale ya mwana. Adayamba kumasula kamodzikamodzi n'kumakhuthulira pamphasa. Zidali nyemba zanu.

Ndidafunsa kuti mwazitenga kuti. Iwo adati, "Ine tulo sindinkagona, alamu. Ndiye ndidadzifunsa kuti, mayi uja sadali mfumukazi, sadali ndi golosale, nanga chikhamu chonse chija chidabweranji? Ndidati ndiwafunse okhawo amene adadya nyembazo. Adya, abweze!" Adaseka, kenaka adalira. Kuyambira Dezembulo akhala akuyenda, akaweruka kumunda ndiponso Lamulungu akatuluka m'tchalitchi, mudzi ndi mudzi, kufunsa amene adabwera pa maliro anu.

Kamtolo kalikonse kadali ndi nkhani yake. Ka m'sokosi kadachokera kwa aNangozo a kuseri kwa phiri, amene mudawapatsa mbewu chaka chimene nyumba yawo idapsa. Kena kadachokera kwa mayi wina wa ku Ntengo-Wambalame amene mwamuna wake adamuthawa ali ndi pakati. Thumba lokulirapo adatumiza ndi bambo woyendetsa mota wa ku Furancungo. Akuti mayi ake mudagawana nawo kumsasa, ndipo kwawoko nyembazi zafala, anthu amazitchula kuti za aNaphiri, osadziwa kuti aNaphiriwo ndani. Ndinu, amayi. Dzina lanu likuphikidwa m'midzi imene simudapondemo. Mayi wina akuti adakana, adati alibe, koma alamu atafika kumtsinje adamva munthu akuthamanga pambuyo, ali ndi nyemba m'manja awiri, akunena kuti, "Tengani, mtima ukundimenya." Wina adapereka zofumbwa zokhazokha, koma nazonso alamu adalandira ndi manja awiri.

Pamenepo m'pamene ndidamvetsa chinthu chimene chidandizunguza zaka zambiri. Mukudziwa kuti ine sindithira kanthu osayeza. Chaka chilichonse ndinkawerenga makaneka, makapu athu oyezera aja, amene talowetsa mumtsuko, ndipo pobzala ndinkapeza achepa. Ndikakufunsani munkati, "Makoswe a chaka chino ngochenjera." Ine n'kumadabwa kuti khoswe wanji amene amatsekula mtsuko n'kumatanso bwinobwino, dothi lake lonyowa. Kani khosweyo mudali inu! Ndipo tsiku lina nditakwiya kuti tidzasowa chobzala, mudandiyankha kuti, "Mulungu samanga nkhokwe yake pakhomo limodzi." Ndidayesa mukungondizemba.

Tidakhala pamphasa ine ndi alamu kusankha mpaka dzuwa kupendeka. Sizidali zanu zokha, zina zidasakanikirana ndi mitundu ina. Titayeza, zanu zenizeni zidatsala pang'ono kudzaza lata, ndipo zosakaniza zidakwana makaneka asanu. Ndidawaphikira tiufa timene tidatsala, adakana, ndidawakakamiza. M'mawa mwake tidalowa m'munda tonse awiri, iwo kutsogolo ndi khasu, ine pambuyo ndi mbewu. Adakhala mpaka tidamaliza. Tsiku lopita ndidawasenzera mtolo wawo mpaka kutsidya kwa mtsinje, ndipo kumeneko ndidawapepesa. Iwo adati, "Basi alamu, koma maliro ena musadzandiikenso kukhitchini."

Mvula idagwa mwaulemu mpaka Marso. Nyemba zanu zidachita monga zimachitira, zidacha anzathu asadayambe n'komwe kuyendera zawo. Tidayamba ndi khwanya, ndipo mkaka wa Lusiya udabwerera. Mu Mayu tidakolola. Chimanga chidangotipatsa zitsononkho, koma nyemba tidasinthitsa, ndipo m'nkhokwe muli chakudya. Sindikuti talemera. Ndawerengera, ndipo pofika Dezembulo tidzayambanso kupanikizika, pokhapokha za fodya za bambo a Lusiya zitabwera monga adalonjezera eni munda. Koma kamwana kaja kanenepa, miyendo ili mapindimapindi. Gawo la aNabanda ndidatumiza, ndi la aNangozo, ndi la mayi wothamanga uja.

Ndakhala ndikuganiza kwambiri, amayi. Ine ndinkadikira kuti Mulungu achite chinthu tsiku limene ndidalira. Osadziwa kuti Iye adayamba kalekale, ine ndisadadziwe kuti kudzakhala njala chaka chino. Ankatenga pang'onopang'ono mumtsuko mwathu, ndi dzanja lanu, n'kumakasungitsa kwa anthu. Chimene ine ndinkati chatayika n'chimene chidasungika, ndipo chimene tidasunga m'nyumba n'chimene chidatha tsiku limodzi. Sindinena kuti ndamvetsa zonse. Pali mabanja pano amene adapemphera kuposa ine, ndipo mpaka lero akudya kamodzi. Za iwowo ndimafunsabe, ndipo yankho ndilibe. Koma ndikamafunsa ndimamva ngati funsolo likundibwerera, kuti nanga mumtsuko mwako muli chiyani.

Mbewu ya chaka chino ndasankha ndekha, ndathira phulusa, ndamata. Dzulo lomweli kudabwera mtsikana wina, mwana kumsana, sindimudziwa. Akuti munda wawo udakokoloka ndi madzi, ndipo wina adamuuza kuti pakhomo pa aNaphiri sabweza munthu. Ndidagumula dothi lija lisadaume n'komwe. Ndidatunga kaneka, ndipo chala changa chidapita chokha kukasalaza pamwamba, monga timachitira pogulitsa. Ndidachigwira chili m'njira. Ndidatapa zina ndi dzanja n'kuwonjezera mpaka zidayamba kugwera pansi, mtsikana uja n'kumatola. Ndikuuzeni zoona, mtima udawawa pang'ono, chifukwa mutu wanga udali utawerenga kale mizere imene yachoka m'munda mwanga. Kaya inunso zinkakuwawani? Simudaonetsepo.

Pumulani bwino, amayi anga. Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani makamaka nthawi yosankha mbewu, pamene pamphasa pamakhala malo a munthu mmodzi opanda wokhalapo. Ndikulonjeza kuti masiku onse amene Mulungu andisungire, wobwera kudzapempha mbewu pakhomo lanu lino sadzabwerera chimanjamanja, ndipo kaneka yake sindidzaisalaza.

Ndine mwana wanu,
Rozalina