Ndinalemba Kuti Anagwa

Lolemba, 6 Meyi

Ndilemba mmene zachitikira.

Lero ndamenya munthu. Ine, namwino wa zaka 19 pantchito. Ndi sipanala yotsekulira okosijeni. Pamutu.

Cha m'ma 10 m'mawa, ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Anthu thothotho pabenchi, anamwino awiri okha, ine ndi Kamphepo. Dzinali tinam'patsa kusukulu ya unamwino chifukwa mwana ameneyu sayenda, amadutsa. Iye ndi amene anali pakhomo kusankha olowa. Kumeneko sitiyang'ana kuti wafika poyamba ndani, timayang'ana amene akutisiya. Wokuwa amatikhazika mtima pansi, chifukwa kuti akuwe ndiye kuti mpweya ali nawo. Timathamangira uja wangoti zii.

Panali bambo wina wa jekete lachikopa, mkazi wake atabinya phazi. Mayiyo kukuwa mpaka kumsewu. Pambuyo pawo panafika mtsikana atam'gwirira mbali zonse, milomo yotuwa, manja ozizira, osabuula n'komwe. Kamphepo anangom'gwira pamkono n'kumulowetsa. Magazi amatayikira m'mimba. Panopa ali moyo.

Wajekete anaimirira. “Ife mwatiyesa agalu anu?” Kamphepo anati pepani bambo, mayiwa tiwaona, awa sangadikire. Sanamalize.

Wajekete anatola chitsulo chokolekapo dilipi. Koyamba pansagwada. Kulira kwake ngati wathyola nkhuni youma. Kamphepo anagwa chagada. Kachiwiri panthiti. Mano awiri pasimenti, limodzi linagubuduka mpaka pansi pa benchi. Anthu onse aja kudziunjika pakona, maso okha. Mlonda kaya anali kuti. Bamboyo anatukula kachitatu, ulendo uno wolunjika kumutu.

Sipanala inali kale m'manja mwanga. Kuyenda sindikukumbuka. Ndikukumbuka khoo! Bamboyo anagwada, magazi chuchuchu kutsikira m'maso. Ndipo ichi ndinena muno mokha: ndinafuna kubwereza. Dzanja linali litakwera kale. Anandigwira ndi mayi wokolopa.

Kamphepo anathamangitsidwira ku opaleshoni. Bamboyo pamachira, wom'soka palibe, ndiye ndinam'soka ndine. Kasanu ndi kawiri. Jakisoni wa dzanzi ndinam'baya, ngakhale mtima umati musoke chouma.

Kenako mafailo awiri. Chiyambire sukulu anatikhomerera m'mutu: lemba chimene waona, lemba nthawi, saina. Dzanja linayenda lokha. Ya Kamphepo: wamenyedwa kawiri ndi chitsulo cha dilipi, wom'menya ndi mwamuna wa wodwala. Ya bamboyo: bala la pamutu, masentimita 6, lochitika ndi sipanala, wom'menya ndi namwino amene wasaina pansipa. Ndinasainadi, ndi malemba okongola.

Mayi wokolopa atamva anagwira pakamwa. “Inu anesi, tonse tikanati sitinaone. Mwadzimanga nokha.”

Yunifolomu ndainyika m'beseni. Magazi a anthu awiri, sindikudziwa a yani ali pati.

Lachiwiri, 7 Meyi

Nsagwada yathyoka pawiri. Aimanga ndi waya, milungu 6 osatsegula pakamwa. Nthiti zitatu. Nkhope yatupa, maso timing'alu. Kamphepo amene amalongolola kuyambira pageti mpaka poweruka, lero akumwa ndi kapaipi. Ndinam'gwira dzanja, anandifinya. Ndinatuluka ndisanalire, asaone.

Apolisi anabwera, anatenga chitsulo chija, anati abweranso kudzaona failo.

Kunyumba ndauza amayi. Iwonso anali namwino, zaka 31, mpaka mawondo anawakana. Anamvetsera osaphethira. “Unam'menya kangati?” Ndinati kamodzi. “Nanga unam'soka bwino?” Basi, funso lawo linali lomwelo. Ndinaseka mpaka chifuwa kuwawa, kenako kusekako kunasanduka zina.

Vuto n'lakuti Lamlungu ndi tsiku la anamwino. Mwezi watha anasankha ine kunyamula nyale ndi kuwerenga mbiri ya ntchito yathu. Amayi chimvereni sanagone bwino ndi chimwemwe. Atulutsa kale kachipewa kawo koyera m'sutikesi, akachapa, akasita kawiri. Auza mpingo wonse.

Mbiriyo ndalembako masamba awiri. Za m'mabuku: azimayi akale amene anapita ku zipatala za nkhondo n'kupeza asilikali akufa ndi uve kuposa zipolopolo, n'kuyamba kukwecha pansi, kuchapa zofunda, kuyendera odwala ndi nyale. Zina andiuza amayi. Masirinji ankawawiritsa mupoto. Singano ikabuntha ankainola pamwala. Magulovesi kuchapa, kuyanika pachingwe, obooka kumata zigamba. Dokotala akalowa unkaimirira ngakhale uli pakati pa kumeza. Chala chawo chachikulu n'chopindika chifukwa wodwala wina anachiluma mpaka fupa. Ndinafunsa kuti zinatha bwanji. Anati zinatha n'kumanga bandeji.

Lachinayi, 9 Meyi

Wajekete ali ndi mchimwene wake loya. Kalata yafika kwa akuluakulu a chipatala. Akuti namwino anafuna kupha m'bale wa wodwala, ndipo umboni analemba yekha. Nkhani ikafika ku bungwe lathu la anamwino, chiphaso changa chapita. Osagwiranso wodwala, pano kapena kulikonse.

Matroni anandiitana masana. Anatseka chitseko, anandipatsa mpando, chinthu chimene sanachitepo. Pathebulo mapepala awiri atsopano, oyera, a tsamba loyamba la failo. Akuti agwirizana ndi loyayo kuti nkhani ikhale chonchi. Bamboyo anadzigunda pachitseko. Kamphepo anaterereka ponyowa, anagwa, anamenyetsa chibwano pabedi. Loyayo achotsa dandaulo, chipatala chiuza apolisi kuti panalibe mlandu. Chatsala n'chakuti ndilembenso masamba awiriwo ndi dzanja langa, deti ya Lolemba.

Ndinati munthu amagwa bwanji n'kuthyoka nthiti zitatu ndi nsagwada? Anati amagwa. Ndinamenya thebulo, kapu yawo ya tiyi inagwa n'kusweka. Sanadzidzimuke. Anangotsitsa kolala n'kundionetsa chipsera pakhosi, chachitali ngati chala. “Sizasi. Iwe uli ku pulayimale. Ndinalemba kuti ndinadzicheka ndekha, ndipo lero ndine matroni.” Anatinso chipatala sichingataye anamwino awiri sabata imodzi, mmodzi akwana.

Andipatsa mpaka mawa.

Pobwerera ndinam'ona bamboyo pamalo oimika magalimoto, bandeji yanga kumutu, akuseka pafoni. Panali njerwa pambali pa ngalande. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Mulungu andikhululukire, ndinasankhiratu ndi pomenya pomwe, kuseri kwa khutu.

Ine kunja kwa yunifolomu ndine ndani? Kuphika sindidziwa bwino, kugulitsa ndimachita manyazi. Ndimadziwa kupeza mtsempha pamkono wa khanda louma madzi. Ndizo zonse ndili nazo.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndalemba. Ndasaina.

Masamba akale matroni anawaika m'chikwama mwawo. Anati ndachita zaukulu.

Ndasanza kuchimbudzi cha antchito. Ku wodi ya Kamphepo sindinapite.

Lamlungu, 12 Meyi

Holo yodzaza. Tonse mbee, nsapato zopaka. Mabaluni. Chinsalu cholembedwa kuti anamwino ndi angelo athu. Angelo! Mngelo amam'thyola mano ndani?

Mkulu wa chipatala analankhula mphindi 40. Anati ndife msana wa chipatala, tinawomba m'manja. Anati tikumbukire mnzathu amene anachita ngozi pantchito. Ngozi. Wina kumbuyo kwanga anatsonya. Mayi wokolopa anali pakhomo ndi mopu yake, ndinayang'ana kumbali.

Nyale ndinanyamula, kuchokera kukhomo mpaka kutsogolo. Galasi linatentha, linandiotcha chala, sindinasinthe dzanja. Ndinafuna liotche ndithu. Mbiri ndinawerenga yonse, za nkhondo, za poto, za mwala wonolera singano. Pa chala cha amayi anthu anaseka, amayi anachikweza m'mwamba kuti onse aone, kachipewa kali pamutu. Anaimirira onse kuwaombera m'manja. Chibadwire sindinawaone akusangalala choncho. Kenako ophunzira atsopano analumbira pamaso pa nyale yomwe ndagwira ineyo, kuti adzakhala oona pa ntchito yawo. Tiana tosalala kumaso.

Anatipatsa maambulera ndi makapu olembedwa zikomo.

M'basi amayi anafunsa kuti zatheka bwanji kuti munthu womenya ndi sipanala am'siyire nyale. Ndinati nkhani inatha. Anati inatha bwanji. Ndinati inangotha. Anandiyang'ana monga ankayang'anira wodwala wonama kuti wamwa mankhwala. Tinafika kunyumba. Kachipewa akabwezera m'sutikesi osakapinda bwino.

Kapu ya zikomo ndaimenyetsa kukhoma la kukhitchini. Ndasesa ndekha.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndikulemba ndili m'chipinda chosungira zofunda. 7:40 m'mawa.

Masiku anayi ndakhala ndikuzungulira kuseri kuti ndisadutse pa wodi ya Kamphepo. Lero andiika momwemo, wa kumeneko wadwala. Bedi lachitatu, pawindo.

Kutupa kwatsikako. Mabala asanduka achikasu ndi obiriwira. Milomo yosweka, waya akuonekera m'mano otsalawo. Ndinabwera ndi thileyi yotsukira m'kamwa, ndikulankhula zopanda mutu, za mabaluni, za mkulu uja ndi mphindi zake 40. Iye maso pa ine.

Ndinaiwala chinthu chimodzi, ndipo matroni nawonso anaiwala. Namwino ukam'goneka pabedi amawerenga failo yake. Tonse timatero, ngakhale tili ndi dilipi m'manja onse. Inali pansi pa pilo.

Anaitulutsa, anatsegula tsamba loyamba, anaika chala pa malemba anga. Kenako anatenga kapepala kamene amalembapo akafuna madzi. Analemba mawu amodzi. “Ndinagwa?”

Ndinayamba kufotokoza. Za loya, za chiphaso, za zaka 19. Ndinati iwe ukanatani? Ndinati moyo wako ndinaupulumutsa ndine, kachitatu kaja kakanakupha. Zoona zonsezo. Anagwedeza mutu kuvomera. Analembanso. “Zikomo. Koma ndinagwa?”

Anafuna kunena chinachake ndi pakamwa, anaiwala waya. Ululu unam'koka nkhope yonse, magazi anatuluka pamlomo, anamenya matiresi ndi chibakera katatu. Kulira kwa munthu wotsekedwa pakamwa kumatulukira m'mphuno. Zaka zonsezi ndamva kulira kwa mitundumitundu, uku sindinakumvepo.

Ndinam'pukuta. Ndinam'tsuka m'kamwa bwinobwino, dzino lililonse, pakati pa waya. Ndinasintha pilo.

Kenako ndinatenga failo. Ife tikalakwitsa polemba sitifufuta, siting'amba. Timadula mzere umodzi kuti cholakwikacho chiziwerengekabe, n'kulemba choona pambali. Ndinadula anaterereka, ndinadula anagwa. Ndinalemba: wamenyedwa kawiri ndi chitsulo cha dilipi, pansagwada ndi panthiti, wom'menya ndi mwamuna wa wodwala. Ndinaona ndi maso anga. Bamboyo ndinam'menya ndine ndi sipanala. Zimene zadulidwazi ndinalemba Lachisanu ndikudziwa kuti n'zabodza. 14 Meyi, 7:25. Dzina langa, nambala ya chiphaso changa.

Dokotala wa mafupa anali akuona wodwala wa pabedi lachiwiri. Ndinam'patsa kuti asaine ngati mboni. Anawerenga kawiri. “Sisita, mukudziwa chimene mukuchita?” Ndinati sainani. Wasaina, wajambulanso tsambalo pafoni.

Kamphepo sanamwetulire, sangathe. Anangobwezera failo pansi pa pilo n'kugonera pomwepo.

Sindikumva ukatswiri uliwonse. Ndikuopa. Amayi ndiwauza madzulo, kaya aseka kaya atani.

Matroni amayendera mawodi 8 koloko. Odwala asanu ndi mmodzi sanalandire mankhwala a m'mawa, wa bedi lomaliza dilipi yaima. Ndithamange ndikamalize asanafike, ndikadali namwino.