Mpope wa m'denga la khitchini

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Mwendo uja udasiya kuwawa? Kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo. Ndiyamba ndi zabwino, poti inu simunkafuna munthu wotula nkhani yoipa asanamwe ndi madzi omwe.

Lute, mzime wanu uja, adachira bwinobwino mwezi wa Meyi. Ndi mwana wamkazi, ndipo tidamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu ndithu, ndipo akayamba kulira amamveka mpaka kumjigo. Chimanga sichidachite bwino. Thumba limodzi la feteleza pamunda wonse wa kuphiri uja, kudali kunamiza nthaka. Nkhokwe yalekeza m'chiuno. Mtedza wokha ndiwo wayesako. Fodya musafunse n'komwe: bambo a Tiyamike atabwerako kumsika adatha masiku atatu akungokonza njinga yosawonongeka.

Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Tiyamike. Adasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko! Ndidalulutira mpaka mawu kutha. Mawa lake atandiwerengera zofunika, matiresi, bulangeti, ndowa, nsapato, fizi, nthungululu zonse zidabwerera m'mimba. Ndidayesa mandasi, koma pansi pa mtengo wa pasiteji paja tidalipo amayi asanu ndi awiri, aliyense ndi beseni lake, kumangoyang'anana. Ndidayesa ganyu yosankha fodya kuesiteti, ndidabwerako ndi chifuwa. Ndinkangokumbukira mawu anu aja akuti mutu ukakula sulewa nkhonya, koma nkhonya za chaka chino zikubwera mbali zonse.

Tsopano ndifike pamene pandilembetsa kalatayi. Mu Ogasiti tidaganiza zofolera khitchini yanu. Bambo a Tiyamike akusasula udzu wakale, padagwa kanthu kokulunga m'chisaka. Nditamasula ndidapeza mpope wachitsulo, wautali ngati mkono wanga, wakuda mbali imodzi. Amayi, ine si mwana. Mpope wotchezera kachasu ndimaudziwa. Ndidaubisa m'chitenje msangamsanga, n'kuwauza bambowo kuti n'chitsulo chabe chimene munkapingira chitseko. Adandiyang'ana nthawi yaitali.

Udakhala pansi pa bedi milungu iwiri. Sabata yachitatu ndidatenga mtsuko wanu waukulu uja, umene munkaphikira thobwa la maukwati a kumpingo, ndi kuviikamo gaga ndi shuga. Ndikuchita manyazi kulemba, koma ndi momwemo. Ndimatchezera kudimba, kuseri kwa nthochi, kumene utsi anthu amauyesa wa zinyalala. Ndimathira m'chigubu, chigubu m'dengu, pamwamba mpiru. Ndimakatula kwa a Nankhoma, mayi wamasiye amene amagulitsa mowa kufupi ndi esiteti, ndipo matenanti akalandira, mowawo sugona. Tiyamike adapita kusukulu matiresi ali pamutu, akuseka. Iye akudziwa kuti mayi ake mpiru ukuwayendera bwino chaka chino.

Koma mtendere ndilibe. Lachinayi lililonse ndimavala bulauzi yanu yoyera ndi duku lanu, zija mudandipatsa m'manja kuchipatala, n'kupita kumsonkhano wa amayi a mpingo. Ndisanavale ndimasamba m'manja katatu ndi sopo, n'kutikitamo masamba a ndimu. Sabata yatha amayi abusa adandigwira dzanja nthawi yaitali pondithokoza chifukwa cha nyimbo, ine thukuta lili kamukamu, kuganiza kuti akununkhiza. Belu la njinga likalira pabwalo, ndimaganiza kuti ndi akuluakulu a mpingo andidzera. Ndikaima kutsogolo kuyambitsa nyimbo, monga munkachitira inu, mawu amatuluka koma lilime limalemera.

Lamulungu likubwerali kuli Mgonero. Loweruka a Kamtedza, mkulu wa mpingo wa kuno kwathu, ayenda m'makomo kugawa makhadi a Mgonero, ndipo mukudziwa mmene amachitira: amakhala pansi, kuvula chipewa, n'kufunsa ngati pali kanthu kotsekereza. Lamulo mukulidziwa kuposa ine. Wotcheza mowa amadulidwa, zoyera amavula. Ndikanena kuti palibe kanthu, ndiye kuti ndikalandira mkate ndi manja omwewa. Ndikasiya kutcheza, Januwale Tiyamike abwerera kudzakhala pakhomo, ndipo anyamata a njinga zamoto ayamba kale kufunsa kuti akutsekera liti. Chimene chikundiopsa kwambiri ndi ichi: nditati ndafa ndili wodulidwa, palibe wovala zoyera amene adzaimbe pamaliro anga. Inu adakuimbirani kuchokera pakhomo mpaka kumanda, mzere woyera kutalika ngati msewu. Ine adzangondinyamula duu.

Dzulo ndikuchapa bulauziyo m'pamene ndidakumbukira chinthu. Chaka chimene ine ndidapita Fomu 1, bambo atangomwalira, inu mudasiya kuvala zoyera. Mudandiuza kuti mbewa zadya bulauzi paphewa ndipo ndalama ya nsalu ina palibe. Kutchalitchi mudachoka kutsogolo n'kumakhala pabenchi yomalizira, pafupi ndi chitseko, mukuti mwendo umafuna powongolera. Mgonero ukafika munkatuluka kukakhala pansi pa mkuyu, ati mwendo womwewo. Ine ndikabwera kutchuthi zinkandinyansa. Amayi a anzanga ali mbee kutsogolo, anga ali kumbuyo ndi chitenje chofwifwa ngati mlendo. Tsiku lina ndidakuuzani kuti mumandichititsa manyazi. Mudangondiwonjezera ndiwo m'mbale.

Zidatero zaka zinayi. Nditangolemba mayeso omaliza, bulauzi idatulukira, mwendo udapola, inu mudabwerera kutsogolo. Amayi, dzulo ndidaitembenuza bulauziyo kunja n'kukati, ndidayang'ana msoko uliwonse padzuwa. Palibe chigamba. Palibe ngakhale pamene dzino la mbewa lidakhudza. Ndidakhala pamwala wochapira paja n'kulira ngati maliro anu achitika kumene.

Ndiye funso la mwendo ndafunsa poyamba lija musavutike kuyankha. Chimene ndikadakonda mutandiuza n'chakuti mudapirira bwanji. Anthu ankakuyang'anani bwanji potuluka? Anzanu a zoyera ankakupatsanibe moni? Ine khungu langa n'lopyapyala, mukundidziwa. Munthu akangondilankhula mokweza, ndimadwala mutu tsiku lonse. Ndikuopa Lute, amene sadziwa chilichonse. Ndikuopa tsiku limene Tiyamike adzabwere kutchuthi n'kundipeza kumbuyo, chifukwa pakamwa pake n'pakuthwa ngati panga pa msinkhu umenewo.

Komabe ndaganiza. Loweruka a Kamtedza akavula chipewa, ndiwauza ndekha asanamve kwa ena. Khadi lawo abwerere nalo. Inu mukadatha kunama n'kumavalabe zoyera, poti mpope udali m'denga ndipo palibe ankauwona, koma simudatero. Nanenso sinditero. Akandifunsa kumene ndidaphunzira ndi kumene ndidapeza chipangizo, ndidziwa choyankha. Amati khoswe wa padenga adaulula wa padzala, koma khoswe uyu saulula mnzake. Akuluakulu amene ankadziwa za inu adakutsatirani kale, ndipo otsalawa amakutchulani pophunzitsa atsikana. Zikhale choncho.

Bulauzi ndaisita, ndaipinda pamodzi ndi duku, ndaika pansi pa sutikesi. Ndaikamo ndi mankhwala, kuopa mbewa zenizeni. Mundipempherere kumeneko kuti zaka zinayizi ndizimalize ndili moyo, ndiponso kuti mvula ya chaka chino ibwere ndi chifundo, mwina mtedza ungandichotse kudimba msanga.

Ndikulonjezani chinthu chimodzi. Tsiku limene Tiyamike adzatuluke m'mayeso omaliza, mpope umenewu sindidzaubwezera m'denga. Ndidzauponya m'chimbudzi, kuti kamwana ka Lute kali ndi dzina lanuka kasadzaupeze. Mundikhululukire mawu aja ndidakunenani. Lamulungu mukandifuna musandiyang'ane kutsogolo. Ndidzakhala pabenchi yanu, pafupi ndi chitseko, nditawongola mwendo.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu woyamba,
Elube